Mabotolo atatu a mafuta a chamba ndi manja anga

Ndakhala ndikugwira ntchito ya saluni mumzinda wa Blantyre kuyambira 2011, ndipo aliyense woidziwa ntchitoyi angakuuzeni kuti mpamba wathu weniweni ndi manja. Draya ikapsa umakabwereka kwa mnzako, koma manja sabwerekana. Anga anayamba kuvuta mwakachetechete: kuyabwa pakati pa zala, kenako timatuza tamadzi m'mbali mwa zalazo, tikaphulika khungu n'kuuma gwa, n'kuyamba kusupuka. Nthawi yotentha zinkapepukako. Koma ikangofika Juni, chiperoni chikakuta phiri la Soche, mfundo za zala zinkang'ambika mpaka magazi.

Mu 2022 zinafika pothina. Tsiku lina ndikuluka mwana wasukulu, ulusi wa meshi unalowa mumng'alu wa chala cha mkombaphala ngati lezala, ndipo ndinangoona kadontho kofiira pakolala ya yunifolomu yake. Mayi ake anaona, sanalankhule kanthu. Analipira bwinobwino, koma mpaka lero sanapondenso pakhomo la saluni yanga.

Amati mutu umodzi susenza denga, koma pa matenda a khungu mitu imachuluka mpaka dengalo kukugwera. Wina anati ndi mphere, ndinagula mankhwala a mphere, anandiwotcha m'ming'alumo ngati tsabola wa kambuzi. Wina anati ndizinyika manja m'madzi a nimu, wina mafuta a nsatsi. Mayi wina wachikulire anandinong'oneza kuti saluni yatsopano yomwe inatsegulidwa tsidya la msewu sinabwere chimanjamanja. Wina sanafune kutchula, anangoti, "Asisi, masiku ano kuyezetsa magazi n'kwabwino." Ameneyu ndinamumvera, ndipo ndimamuthokozabe, chifukwa zotsatira zitatuluka bwino ndinatsala ndi nkhawa imodzi m'malo mwa ziwiri.

Botolo loyamba linabwera ndi alamu anga, akazi awo a achimwene, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Anafika mu Disembala chaka chomwecho, ataona manja anga anagwira pakamwa, n'kutsegula chikwama.

"Alamu, tayesani awa. Abwana anga amadzola akachoka kudimba la maluwa, manja awo ali ngati a khanda."

Nditalandira, maso anga anagwera patsamba lobiriwira la nthambi zisanu ndi ziwiri lomwe linajambulidwa pabotolopo.

"Alamu, mukufuna ndikagone kupolisi? Ine wa Mvano ine?"

Anaseka mpaka misozi. Anati ku Joni zimenezi zili pashelefu m'mafamase pamodzi ndi sopo, palibe amene amacheuka. Ine sindinaseke nawo. Ndinadula kapepala ka kope, n'kumata ndi selotepi kuzungulira botolo lonse kuti kasitomala asaone. Usiku woyamba nditadzola ndinakhala pabedi tsonga, kudikira kuti mwina ndiyamba kuseka ndekha kapena kuona denga likuyenda. Tinakula tikumva kuti chamba chimapengetsa, ndipo ena mwa anyamata amene tinkaphunzira nawo tinawaona ndi maso athu akutola mapepala m'misewu. Palibe chinachitika. Ndinagona, ndinadzuka ndili yemweyo.

Patatha milungu iwiri kuyabwa kunachepa, ndipo ming'alu ing'onoing'ono inayamba kutsekeka. Sikuti ndinachira. Tsiku lililonse ndikapaka munthu dayi wakuda, mawa lake timatuza tija tinkabweranso. Koma ndinkatha kupinda zala osamva ngati zikung'ambika, ndipo kwa woluka tsitsi chimenecho ndi chinthu chachikulu. Mumtima ndinagamula kuti chamba ndi mankhwala, ndipo amene ankanena pawailesi aja ankanena zoona.

Nkhani ya pawailesiyo ambiri mukuikumbukira. Mu 2015 a Boniface Kadzamira, amene anali phungu wa ku Ntchisi, atadzutsa nkhani ya chamba cha m'mafakitale mu Nyumba ya Malamulo, anzawo anawaseka. Kenako mbewuyo inayesedwa ku Chitedze, ndipo mu Febuluwale 2020 aphungu anavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, n'kukhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority lopereka ziphaso. Chimene ambiri tinamva m'makwalala n'chakuti "chamba achiloleza". Chimene lamulo linanena n'chakuti wokhala ndi chiphaso ndi amene angalime, kusunga kapena kupanga zinthu kuchokera ku chamba. Wopanda chiphaso akapezeka nacho, kaya akuti akusuta kaya akuti akuphikira mafuta odzola, ndi mlandu basi. Kusiyana kwa ziwirizi ine sindinakulabadire, ndipo ndi pamene ndinapunthwira.

Chaka cha 2023 chonse alamu ankanditumizira botolo pa miyezi itatu iliyonse kudzera kwa anthu a mabasi. Mu Novembala kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, rand inakwera, otengera katundu nawo anakweza, ndipo botolo limodzi linayamba kudya ndalama ya mitu ingapo ya meshi. Ndinachita manyazi kuwapempha alamu kuti azindigulira ndi ndalama zawo.

Botolo lachiwiri ndinalipeza pa gulu la WhatsApp la amayi a masaluni. Munthu wina ankatsatsa "mafuta a chamba enieni a ku Nkhotakota". Anati amathetsa ziphuphu, zipere, zipsera, nyamakazi, ngakhale khansa ya pakhungu. Munthu wanzeru akanadabwa kuti mankhwala amodzi angathe bwanji ntchito ya chipatala chonse. Ine ndinangoona mtengo. Anabwera nawo mnyamata wa kabaza, m'kabotolo komwe kale munali chiponde, kopanda dzina, kopanda deti, kopanda chilichonse cholembedwa. Anali obiriwira, ofewa ngati majarini, akununkhira ngati mankhwala a chimfine opaka pachifuwa aja.

Masiku atatu okha, manja anga anasalala. Kuyabwa kunatheratu, kufiira kunazimiririka, ndipo ndinapaka dayi anthu awiri tsiku limodzi popanda thuza ngakhale limodzi. Ndinkatambasula manja pagalasi la saluni n'kumadziyang'ana ngati mkwatibwi woonetsa mphete. Apa ndi pamene ndinalakwa kwambiri, ndipo sindibisa: ndinasanduka mlaliki wa mafuta amenewa. Aliyense wokhala pampando wanga ankamva uthengawo. Mayi wina amene mwana wake anali ndi chipere patsaya ndinamupungulirako m'kachitini kuti akayese.

Ndinadzola m'mawa ndi madzulo kwa miyezi inayi. Pofika mwezi wachitatu ndinaona kuti khungu la kuseri kwa manja layamba kuwala modabwitsa, lapyapyala ngati pepala lokutira buledi, mitsempha ikuonekera. Manja anayera kuposa mikono, ngati ndavala magolovesi a mtundu wina. Ndikagunda pang'ono pasinki, pankatsala chidindo chakuda. Ndinadziuza kuti khungu latsopano limatero.

Mu Epulo 2024 nambala ya wogulitsa uja inasiya kupezeka, ndipo botolo linatha. Sabata isanakwane manja anatupa, anafiira, akuwotcha ngati ndawaviika m'phala lamoto. Ming'alu inatseguka yonse nthawi imodzi, ikutuluka madzi omwe akauma ankasiya nkhanambo zachikasu. Batani la bulauzi amandimangira anali mwana wanga. Saluni ndinaitseka masiku asanu ndi anayi.

Kuchipatala ananditumiza kwa wa matenda a khungu. Anali bambo wosalankhula zambiri. Anatembenuza manja anga, anatsina khungu la kuseri mofatsa, n'kuliyang'ana mmene likuchedwera kubwerera.

"Mayi, mwakhala mukudzola chiyani?"

"Mafuta a chamba, adokotala."

Ndinatulutsa kabotolo kaja, munali motsalira pang'ono m'mbali. Ananunkhiza, anakabweza patebulo.

"Chamba sichipyapyalitsa khungu chonchi, ndipo sichithetsa chikanga m'masiku atatu. Izi ndi zizindikiro za steroid wamphamvu, monga clobetasol kapena betamethasone. Ndi omwewo amene amapezeka m'mafuta oyeretsa khungu. Munthu amagula machubu, n'kufinyira m'mafuta, n'kuthiramo zobiriwira."

Anandifotokozera kuti steroid amazimitsa kutupa ndi kuyabwa mwamsanga, n'chifukwa chake munthu amaona ngati chozizwitsa. Koma ukamudzola wamphamvu miyezi yambiri khungu limatha, ndipo ukasiya mwadzidzidzi matenda amabwerera mwaukali kuposa poyamba. Nditawafunsa za mwana wa chipere uja, anapukusa mutu. Anati chipere chimayamba ndi fangasi, ndipo steroid amangochibisa: kufiira kumachepa, koma icho chikufalikira pansipansi. Madzulo omwewo ndinamuimbira mayi uja. Chipere chinali chitachoka patsaya kufika kukhosi ndi m'mutu, tsitsi likuthothoka. Ndinamupepesa, n'kumulipirira ulendo wa kuchipatala. Anandikhululukira, koma ine ndikamuona mwanayo akudutsa popita kusukulu mtima umandigundabe.

Chodabwitsa n'chakuti adokotalawo anandilemberanso steroid. Nditakwinya nkhope anati, "Mayi, mpeni womwewo umasenda mbatata, umachekanso chala. Uyu tikumudziwa dzina, mphamvu yake, ndi tsiku lomusiya." Anandipatsa mapiritsi a mabakiteriya chifukwa mabala anali atalowa matenda, steroid wodzola wa masiku owerengeka wochepetsa pang'onopang'ono, ndi chitini cha emulsifying ointment choti ndizidzola kambirimbiri patsiku komanso kusambira m'manja m'malo mwa sopo. Kenako anandifunsa funso lomwe palibe anali atandifunsapo zaka zonsezi: tsiku limodzi manja anga amalowa m'madzi kangati, ndipo amagwira chiyani? Titawerenga zinapitirira makumi awiri. Shampu amachotsa mafuta achibadwa a khungu. Mankhwala ambiri owotchera tsitsi ali ndi sodium hydroxide, soda yemwe uja amapangira sopo. Dayi wakuda nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, amene khungu la anthu ambiri a masaluni limadana nawo, ndipo likangoyamba kudana nawo silisintha maganizo. Matenda anga sanali kusowa chamba m'thupi. Anali m'beseni langa lomwe.

Anandiuza kuti ndizivala magolovesi a nitrile, abuluu aja, pochapa mutu, powotcha ndi popaka dayi, ndipo ndisawatembenuze kuti ndivalenso. Kale ndinkakana magolovesi chifukwa makasitomala ena amaona ngati ukunyansidwa nawo. Tsopano ndimangowaonetsa manja, nkhani imathera pomwepo.

Za botolo loyamba lija ndinazimvetsa mwezi wotsatira, mwana wa achimwene anga amene akuphunzira za mankhwala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS atabwera kudzandizonda. Ndinali nditasunga botolo limodzi lopanda kanthu, ndimaikamo mapini. Anamatula selotepi yanga ija akuseka, n'kuwerenga timalemba ta kuseri.

"Azakhali, mukudziwa kuti umu munalibe CBD olo pang'ono?"

"Iwe, nanga tsambalo?"

"Tsamba ndi la malonda. Onani apa: Cannabis sativa seed oil. Ndi mafuta a njere."

Anandikhazika pansi. Anati mu chamba muli THC, amene amaledzeretsa, ndi CBD, amene saledzeretsa, ndipo zonse ziwiri zimachuluka m'maluwa ndi masamba, osati m'njere. Njere ukazifinya umapeza mafuta ngati mmene timafinyira mpendadzuwa kapena mtedza. Kuposa theka la mafutawo ndi linoleic acid, amene khungu limagwiritsa ntchito pomanga kampanda kake kotsekera madzi kuti asathawe. Ndiye anandithandizadi, koma anandithandiza monga mafuta abwino odzola, osati monga mankhwala a chamba. Botolo lokhala ndi CBD weniweni limalemba mawu akuti cannabidiol ndi kuchuluka kwake m'mamiligalamu. Anandichenjezanso kuti mafuta a njerewa sachedwa kuvunda akakhala padzuwa, ndipo ine botolo langa linkakhala pawindo.

Ndinamufunsa ngati ndiye kuti nkhani yonse ya CBD ndi bodza. Anakana. Anati wasayansi wa ku Israel, Raphael Mechoulam, ndi anzake anafotokoza kapangidwe ka CBD mu 1963 ndi ka THC mu 1964, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti thupi lathu lili ndi timalo tolandirira mankhwala a mtundu umenewu, totchedwa CB1 ndi CB2, ndipo tili ndi pakhungu pomwe. N'chifukwa chake ofufuza akuyesa CBD pa kuyabwa, kutupa ndi ziphuphu. Mu 2014 a pa yunivesite ya Debrecen ku Hungary anaonetsa kuti CBD amachepetsa mafuta otuluka m'maselo amene amayambitsa ziphuphu. "Koma azakhali," anatero akukweza chala, "anali maselo a mu labotale, osati nkhope za anthu oyenda mumsewu." Kafukufuku wa ku Finland wa mu 2005, amene ogulitsa amakonda kumutchula pa chikanga, anali wa anthu 20 okha, ndipo mafuta a njerewo ankachita kumwa masupuni awiri patsiku, osati kudzola. Mankhwala a CBD amene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mu 2018, Epidiolex, ndi akumwa, a mitundu yovuta ya khunyu.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi cha ku Johns Hopkins. Mu 2022 ofufuza kumeneko anayeza mafuta odzola 105 a mtundu umenewu ogulidwa m'masitolo ndi pa intaneti. Mwa amene analemba kuchuluka kwa CBD, botolo limodzi lokha mwa anayi alionse ndi lomwe linanena zoona, ndipo pafupifupi limodzi mwa atatu alionse munapezeka THC. Ndinaganiza: ngati ku America, botolo la dzina ndi adiresi, zili choncho, nanga kabotolo ka chiponde kobwera pa kabaza?

Komabe mtima wa munthu ndi wovuta. Ndinkafunabe kudziwa kuti CBD weniweniyo akanandichitira chiyani. Kumapeto kwa chaka, manja atapola, ndinapeza botolo lachitatu, lolembedwa cannabidiol ndi mamiligalamu ake, deti lothera ntchito ndi dzina la kampani. Ndinawauza adokotala aja kaye. Anati ndisadzole pabala lotseguka, ndiyambe ndayesa pang'ono mkati mwa mkono kwa masiku angapo kuti ndione ngati khungu silikwiya, ndipo anandifunsa ngati sindili woyembekezera kapena woyamwitsa, chifukwa oterowo amalangizidwa kupewa CBD. Ndinawaseka kuti zimenezo ndinatsazika kalekale.

Ndinachita zimene mwana wa achimwene uja anandiphunzitsa. Dzanja lamanzere ndinkadzola a CBD, lamanja mafuta wamba a petroleum jelly, m'mawa ndi usiku, kwa mwezi wathunthu, magolovesi osasiya. Ndinkalemba kuseri kwa buku la ngongole za makasitomala. Usiku wina ndi wina ndinkaona ngati lamanzere likuyabwa mocheperako, makamaka ndikangodzola, ndipo mafuta ake ankalowa msanga osamata tsitsi la munthu. Koma pa kuuma ndi ming'alu, mwezi utatha ndinaika manja onse patebulo n'kumuuza mwana wanga kuti aloze lomwe ladya ndalama zambiri. Analoza lamanja. Mtengo wa botolo la CBD lija ndikanagula nawo jelly wa chaka chonse ndi bokosi la magolovesi. Litatha sindinagulenso. Sindikunena kuti wina sangathandizidwe nawo, makamaka amene vuto lake lalikulu ndi kuyabwa. Ndikunena za manja awiri amene ndili nawo.

Kwa amene muli ndi abale ku Joni, dziwaninso kuti chimene chili pashelefu kumeneko sichikhala chololedwa paboda iliyonse, ndipo basi imadutsa Zimbabwe ndi Mozambique isanafike pa Mwanza. Musanamutume munthu, funsani kaye ku Cannabis Regulatory Authority kapena ku PMRA, bungwe loona za mankhwala, kuti musamuike mlamu wanu m'mavuto chifukwa cha mafuta odzola.

Juni wa chaka chatha anadutsa popanda magazi. Khungu la kuseri kwa manja silinabwerere mwakale kwenikweni, likadali lopyapyala, ndipo dayi wakuda ndinamusiyira mtsikana amene ndimagwira naye ntchito, naye atavala magolovesi. Chitini cha mafuta chimakhala pambali pa beseni, ndikangopukuta manja ndimadzola.

Sabata yatha mayi wina ali pansi pa draya anatulutsa kabotolo m'chikwama, kobiriwira, n'kundiitana ndi dzanja.

"Asisi, mwawamva awa? Ndi a chamba. Masiku atatu okha nkhope yanga yasalala."

Ndinazimitsa draya. Ndinamupempha kuti atembenuze botololo tiwerenge za kuseri. Kunalibe chowerenga. Ndinavula golovesi, n'kuika dzanja langa pamwendo pake, ndipo ndinamufotokozera zonse, mpaka za mwana wa chipere uja. Anagwira khungu langa, analitsina pang'ono ngati mmene anachitira adokotala, anakhala chete. Kenako anatseka kabotolo kake bwinobwino n'kukabwezera m'chikwama.

"Ndamva, asisi. Koma ndagula kale, ndingomaliza kameneka."

Ndinamulembera tsiku la kiliniki ya khungu kuseri kwa lisiti, n'kuyatsanso draya.